Zala za Girisi

Kalata idabwera Lachiwiri kuchokera ku likulu,
yopinda patatu, fumbi la minibasi lili pa envelopu:
mashelefu adzaza, pepetani.
Werengani zidindo kuseri kwa chikuto.
Buku losafika zidindo zisanu pa zaka zitatu
litsike, lilowe m'katoni.

Ndidavula jekete, pakuti Okutobala wa ku Salima
amakuwotcha ngati mbatata ya m'phulusa,
ndi kuyamba kuwerenga madeti a inki
monga wogula thonje awerengera makilo pa sikelo
osafunsa kuti adapalira ndani.

Nkhani zachikondi zidapambana osatuluka thukuta.
Ina chikuto chidathothoka kalekale,
zidindo makumi anayi ndi ziwiri,
ikununkhira mafuta odzola a atsikana a fomu fili.
Mapepala a mayeso akale nawo adabwerera pamalo pawo
akuyenda monyang'wa ngati ana a ahedi.
Katoni idameza mapu a mayiko omwe adasintha kale mayina,
idameza buku la nyenyezi, la kusoka nsapato,
ndi lina lonenepa lomwe njenjete zokha zidalimaliza.
Sindidawalire. Ena adayeneradi kupita.

Cha m'ma folo ndidagwira kabuku kobiriwira
konena za matenda a mbuzi.
Kapepala ka kuseri kali mbee,
chidindo ngakhale chimodzi.
Ndidati pita, wagona mokwanira.
Koma kadatseguka kokha m'manja mwanga
pa tsamba 56, pomwe msana udathyoka,
ndipo pakona panali chala chakuda cha girisi,
china pamwamba pake, chinanso chopendekeka,
ngati munthu wakhala akusayina
pomwe palibe adamupempha kusayina.

Chalacho ndimachidziwa.
Ndi cha Twaibu wa kabaza, wa pa siteji ya Kamuzu Road,
amene amatsamiritsa njinga pa mtengo wa nimu
dzuwa likafika paliwombo, okwera atathawira m'mithunzi.
Khadi alibe. Adafunsapo kamodzi mtengo wake,
adaseka, nati amenewo ndi maulendo anayi a ku Kaphatenga,
wokwera wake wonenepa.
Amakhala pafupi ndi zenera losweka,
milomo ikuyenda, chala chikulondola mzere ngati nyerere,
kenako amakopera kuseri kwa lisiti
mawu opita nawo kwa mayi ake ku Khombedza
komwe mbuzi zinkagwa ndi njoka zam'mimba dzinja lililonse.
Chaka chatha adandiuza kuti zatsala zisanu ndi ziwiri.
Chaka chino zakwana khumi ndi imodzi.

Chidindo changa sichimudziwa Twaibu.
Chimadziwa wonyamula chakudya kupita nacho kwawo;
wodyera pomwepo, chiimirire, sichimuwerenga.
Fomu ya ku likulu ili ndi mabokosi awiri okha,
ndipo palibe bokosi la mbuzi.

Ndidasuzumira pakhomo.
Mayi Nachisale osesa adali ataweruka.
Ndidanyowetsa chidindo pa inki,
ndidapotokola timawilo kubweza masiku m'mbuyo,
Malichi wa dzana, Juni, Ogasiti, Januwale,
ndi tsiku lina lomwe ndidazindikira mochedwa kuti lidali Lamulungu.
Kasanu. Phokoso lake m'chipinda chopanda anthu
ngati wina akukhoma msomali usiku.
Zaka khumi ndi zinayi pa ntchito ino
ndidali ndisananamepo ndi inki.

Galimoto idatenga makatoni asanu ndi limodzi Lachisanu.
Sindidatsegule buku lililonse lomwe lidalowamo.
Ndinkangoyang'ana kuseri, monga kalata idanenera,
ndiye sindidziwa kuti ndi zala za yani zina
zidakwera nawo, kulowera njira ya ku Lilongwe.
Usiku ndimaganizira lija la kusoka nsapato.

Lolemba masana nimu adalandira njinga yake.
Twaibu adapukuta manja pa buluku, osayera,
adapita molunjika pa shelefu yachitatu,
yomwe tsopano ili ndi mipata ngati m'kamwa mwa mwana wa sitandade wanu.
Kuseri kwa chikuto sadayang'aneko n'komwe.
Adangoti, achimwene, fani ija lero siyikuzungulira?